Chipere cha Pamsana pa Amama

Adada titawaika m'manda mu Julayi, amama anavala diresi lakuda. Linali la nayiloni, lotseka mpaka m'khosi, ndipo akuluakulu a pamudzi pathu ku Edingeni anati asavale lina kufikira chaka chitatha. Ankalichapa madzulo, m'mawa n'kulivala lisanaumitsitse. Mafuta odzola nawonso anawaletsa. Mkazi wamasiye sadzikongoletsa.

Ine ndinali nditasiya koleji ya zaulimi chaka chachiwiri chili pakati. Ndinabwera kudzadwazika adada, ndipo sindinabwererenso. Ng'ombe zisanu ndi munda wa fodya sizikanadziyang'anira zokha. Anthu ankanditchabe "wa ku koleji", ena mondilemekeza, ambiri moseka.

Dzuwa la Okutobala litapsa, ndinayamba kuwapeza amama akukhuza msana pa nsanamira ya khonde.

"Amama, chavuta n'chiyani?"

"Thukuta chabe, Stafford. Pita ukamwetse ng'ombe."

Tsiku lina akuwerama kupeta chimanga, kolala ya diresi inatsika. Ndinaona bwalo lofiirira kumbuyo kwa khosi, kukula kwake ngati kukamwa kwa kapu, m'mbali mwake motukuka, khungu likusuka ngati gaga. Chinali chipere. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala, iwo anakana. Amama ndi Achewa a ku Kasungu, ndipo ngakhale anakhala pamudzi pathu zaka makumi awiri ndi zisanu, ankayendabe ngati mlendo woopa kuponda mbewu za eni ake. Anati wamasiye woyendayenda amayambitsa nkhani.

Loweruka ndinapita ku Jenda kukagula mankhwala ophera nkhupakupa. Pafupi ndi pokwerera basi panali bambo wina ndi thebulo lodzaza timachubu.

"Awa ndiye mapeto, bwana," anatero. "Chipere, ziphuphu, zipsera, zonse amasesa. Masiku atatu basi."

Pabokosi panali chithunzi cha mkazi woyera mbee, akumwetulira. Ndinatembenuza bokosilo n'kuwerenga timawu tachingerezi ta kumbuyo, ndikugwedeza mutu ngati ndamva. Anali mayina a mankhwala okhaokha, sindinamve chilichonse. Koma bamboyo anali atanditcha bwana, ndipo ndinali wa ku koleji. Ndinagula.

Sabata yoyamba kuyabwa kunaleka, amama mpaka anandidalitsa. Pofika sabata yachitatu chipere chinadzuka chitabereka. Chinatsika msana, chinazungulira khosi, ndipo pomwe mafuta aja ankapakidwa khungu linayera ngati la munthu wina. Kuyerako kunakwera mpaka kuseri kwa makutu, pomwe kolala sifika.

Ulendo uno sindinawapemphe. Ndinaitana wa njinga yamoto, tinauza anthu kuti tikukayezetsa kuthamanga kwa magazi, tinapita ku Mzimba boma.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe. Anawaona amama kuseri kwa katani, kenako anandiitana. Chubu cha ku Jenda chinali pathebulo pake.

"Wagula izi ndani?"

"Ndine."

"Unapita kusukulu iwe?"

Ananyamula chubucho n'kundionetsa.

"Mafuta awa sapha chipere. Amangogoneka kuyabwa, chipere n'kumadya mwakachetechete. Ndiwonso ayeretsa khunguli." Analemba m'buku la kuchipatala la amama. "Mukalandire awa pawindo, dzina lake kilotirimazo. Musambe, mupukute paume bwinobwino, mupake pang'ono m'mawa ndi madzulo, mopitirira m'mbali mwa bwalo. Milungu inayi. Pakaoneka ngati papola musasiye, chimabisala. Pakatha milungu iwiri osasintha, mubwere ndikupatseni akumwa. Ndipo diresi ili, mayi, muzisinthanitsa ndi lina, liziuma padzuwa."

Amama anayang'ana pansi.

"Mwambo ndikuudziwa," anatero dokotalayo, mawu atafewa. "Koma chipere sichidziwa maliro."

Kunyumba vuto linali lina. Khosi ndi mapewa amama ankafikira. Pakati pa msana, pomwe panali mabwalo aakulu, dzanja silinkafika. Ine ndine mwana wamwamuna, msana wa amama sindingauone, kuli bwanji kuukhudza. Anayesa kumanga kansalu kunsonga ya bango, koma mankhwala ankathera m'kansalumo.

"Tiwapemphe ankhazi," ndinatero. Ankhazi Judith ndi mlongo wawo wa adada, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwa khola lathu. Ndiwo anawaveka amama diresi lija.

"Ukufuna mudzi wonse udziwe kuti ndikudzola?"

"Si kudzola, amama, ndi mankhwala."

"Ukawauze iwowo."

Sindinapite. Ndinati tingobisa, milungu inayi si chaka. Amama anaika machubu onse awiri m'dengu la ufa, cha ku Jenda chili m'bokosi lake, chifukwa satha kutaya chinthu chogulidwa.

Patatha masiku asanu, ankhazi anabwera kudzabwereka sefa amama ali kumjigo, n'kukaifuna okha m'dengu la ufa.

Ndikuchokera kudambo masana, ndinapeza mipando itatu pansi pa mtengo wa pafupi ndi khola. Adada a Louis, mkulu wawo wa adada, anali atakhala manja akadali akuda ndi girisi wa ngolo. Ndi munthu wosakonda milandu, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti achita kukokedwa. Amama anali pamphasa, miyendo atawongola. Ankhazi anaimirira, bokosi la ku Jenda lili m'manja.

Masiku onse ankhazi amalankhula Chitumbuka. Chichewa amachisungira tsiku lofuna kuwakumbutsa amama kuti si a kuno. Anatembenukira kwa mlongo wawo, adada a Louis.

"Taonani, adumbu. Dothi la pamanda silinatsike n'komwe, mulamu wanu wayamba kale kudziyeretsa. Taonani khosilo! Kuseri kwa makutu ngati mzungu. Mukuyerera ndani, mulamu NyaPhiri? Wa njinga yamoto uja anakutengerani ku boma?"

"Ndi matenda, mulamu," anatero amama motsitsa.

"Matenda obisa mu ufa? Panadolo mumabisa mu ufa?"

Adada a Louis anatenga bokosilo, anayang'ana mkazi wa pachithunzi nthawi yaitali, n'kulibweza.

"Mulamu, ine ndakhala nanu bwino zaka zonsezi," anatero. "Koma ngati mtima wanu wachoka kale pamaliro a mng'ono wanga, mbwenu tisakumangeni. Tiitane a kwanu ku Kasungu adzakutengeni mwaulemu. Mwana ndi wathu, ng'ombe za malowolo tinapereka. Inu muzipita."

Amama anatembenukira kumanda, komwe kumaoneka kuchokera pakhola. 

"Ndinagula ndine," ndinatero. "Ku Jenda. Ndinkayesa mankhwala a chipere. Amama sanadziwe chilichonse."

"Wa ku koleji!" ankhazi anaomba m'manja kamodzi. "Wa ku koleji osadziwa mafuta a atsikana a m'mabala? Mwana aliyense amafunditsa manyazi a mayi ake. Khala chete."

Ndinathamangira m'nyumba n'kubwera ndi buku la kuchipatala. Adada a Louis analitsegula, analitalikitsa ndi maso, analiyandikitsanso.

"Apa ngati papalasa nkhuku," anatero.

"Ndikuwerengereni."

"Utiwerengere zomwe ukufuna iwe," anatero ankhazi. "Ukhoza kutiuza kuti alemba Salimo, ife n'kuti ameni."

Pamenepo china chake chinaduka mwa ine.

"Adada anagona miyezi isanu. Amene ankawatembenuza, kuwapukuta, kuchapa zofunda zonunkha, anali amama. Inu, ankhazi, munkabwera Lamlungu lokha ndi nyimbo ziwiri, mphuno mutatseka ndi mpango. Lero ndinu odziwa kulira?"

Ngakhale ng'ombe za m'khola zinakhala ngati zamva.  Ndinaona misozi m'maso mwa ankhazi, ndipo sindinamve chisoni, ndinamva kukoma. Ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

"Khala pansi, Stafford," anatero adada a Louis. "Wawonjezera mlandu pa mlandu."

Amama anadzuka pang'onopang'ono, anakung'untha diresi lawo, n'kuyang'ana ankhazi.

"Mulamu, ndapota, tiyeni m'nyumba."

"Ndikatani?"

"Mukaone chomwe ndikuyerera."

Analowa awiriwo, chitseko chinatsekedwa. Ine ndi adada a Louis tinatsala panja osayang'anana. Iwo ankachotsa girisi m'zikhadabo ndi kamtengo. Ndinamva zipi ikutsika, kenako zii. Zii wautali, woti munthu akhoza kupita kumjigo n'kubwerako.

"Mayo ine," anamveka ankhazi, ndipo ulendo uno anapitiriza m'Chitumbuka. Anafunsa amama kuti akhala nazo bwanji zimenezi osanena, ngati pamudzi palibe akazi anzawo. Yankho la amama sindinalimve.

Chitseko chinatseguka pang'ono, panatuluka dzanja lokha.

"Iwe! Madzi ofunda, sopo, ndi nsalu youma. Undipatsenso chubu cha kuchipatala, osati cha dona wako wosekererayo."

Ndinapereka zonse, nkhope nditatembenuzira kumbali. Ndili pakhomo pomwepo ndinanena zomwe dokotala ananena: pang'ono pokha, mopitirira m'mbali mwa bwalo, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo chifukwa chimapatsirana.

"Lero ndiye wadziwa udokotala," anatero ankhazi mkatimo.

Atatuluka anasamba m'manja kawiri, mpaka m'zigongono. Anakhala pampando womwe anaukana poyamba.

"Adumbu, za ku Kasungu zisiyeni. Msana uwo ndi wa munthu wodwala. Ndizibwera ine m'mawa ndi madzulo kudzapaka."

"Yewo chomene," anatero adada a Louis, akupuma ngati atula thumba. "Nanga poti a chipatala akuti diresi lizisinthidwa, sitingasoketse lina lakuda, la nsalu yopita mphepo?"

"Ayi. Diresi ndi lomwelo lomwe analira nalo. Tikayamba kusintha lero, mawa wamasiye aliyense adzabwera ndi kalata ya dokotala. Azilichapa m'mawa, azikhala m'nyumba atafunda chitenje mpaka liume. Ndipo kutchalitchi azikulunga mpango wakuda m'khosi. Ine ndaona msana, koma mudzi ukuona khosi."

Ndinafuna kunena kuti mpango m'khosi, kutentha kwa Novembala, ndi kuthirira chipere ngati nazale. Amama anandiyang'ana, ndinatseka pakamwa. Anagwada pafumbi patsogolo pa ankhazi, manja pamodzi.

"Yewo, mulamu. Mwandichitira chifundo."

Ankhazi anadzuka. Podutsa pomwe ndinaima sanandiyang'ane.

"Mawu ako aja ndawasunga," anatero. "Mchimwene wanga ndinkamuopa kumuona akutha. Iwe ukuti ndinkanyansidwa. Pakhomo pomwe pali mwana wotero, mwendo umalemera kufikapo."

Anapita. Adada a Louis nawonso anabwerera ku ngolo yawo. Ndinatola bokosi la ku Jenda pomwe linagwera, ndinakaliponya m'chimbudzi pamodzi ndi chubu chake. Pobwerera ndinapeza amama atakhala pakhonde, msana osatsamira khoma kuti mankhwala asapukutike.

"Stafford."

"Amama."

"Ugwire tambala wofiira uja. Upite naye kwa ankhazi ako dzuwa lisanalowe, ukagwade, ukapepese."

"Ndikapepese chiyani? Ndanama?"

"Sunaname."

"Ndiye?"

"Ndiye madzulo ano ndikufunika kupakidwa, mawa m'mawanso, mpaka milungu inayi. Chilungamo chakocho chili ndi manja ofika pamsana panga?"

 Ndinatapa chimanga pang'ono m'lichero, ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukaitana nkhuku.