Gwafa wa Kumtsinje

Ku Nabvutika anthu ankatitcha amisala a mbandakucha. Tinali kagulu ka amuna othamanga m'mawa uliwonse, mimba patsogolo, nsapato zong'ambika kumapazi. Chaka chimenecho cha 1996 maliro anachuluka, ana amasiye anadzaza mukomboni. Ndiye mtsogoleri wathu Alfonsi anati tisamangotayira thukuta pamsewu, tikalambule tchire la kumtsinje kuti anawo akhale ndi dimba.

Alfonsi analibe mwana. Mkazi wake Agnesi anatenga pathupi kamodzi kokha, mwanayo n'kubadwa wakufa kale. Mtayo salira maliro. Amayi achikulire amakaika okha mwakachetechete, ndipo bambo samuuza malo. Alfonsi anafunsa, anafunsanso, mpaka Agnesi anamwalira osamuyankha poopa mwambo. Tonsefe tinkadziwa kuti chimene chinkamudzutsa m'mamawa si kuthamanga ayi, koma funso limeneli. Ine mwambo umenewu umandipsetsa mtima mpaka lero, ndinene mosabisa.

Loweruka tinapita ndi zikwakwa, makasu ndi nkhwangwa. Jairos, amene pothamanga amatsalira m'mbuyo masiku onse, ndiye anayamba kukhala pansi.

“Imwe aLemmy, treningi iyi si ya anthu,” anandiuza akupuma wefuwefu. Tinamuseka mpaka nthiti kuwawa.

Pakati pa tchirelo panali mtengo umodzi wa gwafa, wowongoka bwino ngati wochita kubzala. Ine ndinati tiusiye, ana azidya zipatso. Alfonsi anakana. Anati mthunzi wake upha repu, ndipo mizu idzalanda madzi. Iye akanena wanena. Anatenga nkhwangwa yekha, ndipo posakhalitsa mtengo unagwa.

Tikusadza nthambi, tinamva ndowa ikugwa pansi. Anali amayi Magalita, azamba akale a mukomboni, akuchokera kotunga madzi. Anaima atagwira pakamwa.

“Wadula ndani mtengowu?”

“Ndine, amayi,” anayankha Alfonsi. “Tikonza dimba la ana.”

 Amayiwo anakhala pansi pa udzu, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira.

“Mwananga, si zoti mwamuna amve izi, koma ndakalamba, ndife nazo bwanji? Ndine ndinanyamula mwana wako. Tinamuika pomwe waimapo. Gwafayo anabzala ndi Agnesi atachira, kuti asadzaiwale malo. Madzi othirira tinkatungira limodzi.”

Nkhwangwa inapulumuka m'manja mwa Alfonsi. Anasuntha mapazi msangamsanga ngati waponda moto. Jairos anavula chipewa. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa njira yathu yothamanga inkadutsa pamenepo, ndipo zaka zonsezi munthuyu ankapitirira mwana wake m'mawa uliwonse.

Alfonsi anagwada, nagwira chitsa chija. Chinali chikadali chonyowa.

“Amayi,” anatero ndi mawu otsika, “anali mwana wanji?”

“Wamkazi. Tsitsi lambiri, ngati mayi wake.”

Alfonsi anagwedeza mutu. Sanalire pamaso pathu. Anatola magwafa aawisi amene anayoyoka, n'kuwaika m'thumba la kabudula limodzilimodzi.

Dimba tinalimaliza mvula isanagwe. Mabedi a repu ndi matimati anazungulira chitsacho, koma pakatipo khasu silinafikepo. Jairos anaikapo miyala mozungulira popanda womutuma. Ana ankafunsa chifukwa chake, ife n'kumangoti pali chitsa.

Alfonsi sanathamangenso nafe. Tikamadutsa m'mawa tinkamupeza ali kale m'dimba ndi kheni, akuthirira ndiwo za ana a eni. Madzi otsiriza ankathira pachitsa paja. Amayi Magalita ankamulimbitsa mtima kuti gwafa safa msanga, adzaphukira. Mvula inabwera, inapita. Sanaphukire.