Kadiresi ka Manja Osafanana

Otilia ankapeta mapira pakhonde, dzuwa lisanayambe kuluma, pamene anamva munthu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anadziwa kuti ndi Lorenso, mwamuna wa mwana wake Priska. Mkamwini salowa pabwalo la apongozi ake ngati mwana wa pakhomo. Amaima pobisika n'kulankhula ngati akuuza mtengo.

"Kunyumba kuja kwadwalika," anatero Lorenso. "Ayamba tambala woyamba. Ati ndidzanene kuno."

"Azamba amva?" anafunsa Otilia, maso ali m'lichero.

"A Juliana afika kale. Kwa a Dorika ndikupita tsopano."

Otilia anaika lichero pamtondo, natenga kolona yake pamsomali. Potuluka anadumpha mtolo wa nkhuni umene sanatole yekha. Zaka ziwiri zimene Lorenso anakhala pamudzi pano kwa Kasisi, nkhuni ndi ndowa ya madzi zinkangopezeka pakhomo pa Otilia, wozisiya osaoneka. Otilia ankathokoza Mulungu chifukwa cha mkamwiniyo, mpaka Lachitatu lina m'mwezi wa Ogasiti. Pochokera ku mapemphero a amayi, anaona njinga ya Lorenso itatsamira mtengo wa masawu pakhomo pa Magdalena, mayi wamasiye wachitsikana wokhala m'mbali mwa msewu wa ku Chikwawa. Lachitatu lotsatira inaliponso. Anaiona kanayi. Sanauze munthu aliyense. Ankangoitula nkhaniyo m'pemphero, koma podzuka ankapeza ikadali mumtima.

M'nyumba ya Priska munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Priska anali pamphasa, atatsamira khoma, thukuta likutsika m'khosi. Inali mimba yake yoyamba. Pambali pake panali Juliana, mzamba wamkulu wa m'mudzimo, wamfupi, wa mawu aakulu, amene anaphunzira ntchitoyi kwa azakhali ake.

"Mwafika, amake wodwala? Khalani kumbuyoko mumugwire msana. Musalire, olira tili nawo kale."

"Sindikulira," anatero Priska.

"Sindikunena iwe. Ndikunena mwamuna wako. Anabwera kwanga maso ali ofiira ngati wamwa kachasu."

Posakhalitsa anafika Dorika, mzamba wachiwiri, atasenza bokosi lachitsulo. Chaka chathacho, cha 1980, anapita ku maphunziro a azamba ku boma, ndipo anabwerako ndi bokosilo: sopo, malezala atsopano, ulusi womangira mchombo ndi pulasitiki yoyala pansi. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako anapatsira Juliana sopoyo.

"Theka la mudzi uno ndinalidula mchombo ndi bango," anatero Juliana. "Onse akuyenda, ena akuba mbuzi." Koma anasamba ndithu, mpaka m'zigongono.

Mmawa unatha bwino. Priska anamwa phala pang'ono, anayenda kuzungulira m'nyumba atagwira phewa la amayi ake, anakhalanso pansi. Mayi wina woyandikana naye nyumba anabweretsa mtsuko wa madzi ozizira, nausiya pakhomo osalowa. Koma dzuwa litafika pamutu, zowawa zinayamba kutalikirana. Zinkabwera, zinkapita, mwana osatsika. Priska anasiya kuyankha nthabwala za Juliana.

Dorika anamuyeza, nayang'ana kunja.

"Mthunzi wa nyumbayi ukafika pakhola la mbuzi, tikwera ngolo kupita kuchipatala," anatero. "Auzeni a Simoni amange ng'ombe." Simoni anali mlongo wake wa Otilia, ndipo ndiye anali ndi ngolo.

Otilia anaganiza za msewu wa mabampu ndi dzuwa la Okutobala, ndi mwana wake atagona pa matabwa. Anafinya kolona m'dzanja.

"Ngolo ibwere, sindikukana," anatero Juliana. "Koma njira ikatsekeka pamakhala amene waitseka. Priska, pano palibe mwamuna, tili tokhatokha. Alipo wina amene unamudziwa kupatula mwamuna wako? Tchula, njira itseguke."

"Palibe, agogo."

"Ngakhale wa tsiku limodzi kudimba?"

"Palibe. Mulungu akundiona."

"Ndiye ndi bamboyo. Mwamuna akayenda kunja mkazi ali ndi pakati, amamupinga. Alipo amene akudziwa kanthu?"

Otilia anamva msana wa mwana wake ukunjenjemera pachifuwa pake, ndipo mawu amene anawasunga miyezi iwiri anatuluka okha.

"Njinga yake ndaiona kwa Magdalena. Kanayi. Lachitatu lililonse."

Priska anatembenuza mutu kuyang'ana amayi ake. Anangochotsa dzanja lake m'dzanja la Otilia n'kuliika pamphasa.

Juliana anasuzumira pakhomo n'kutuma mawu. Lorenso sanali patali. Kuyambira mmawa anali pansi pa mlambe, akusema mpini umene sunkafunika kusemedwa. Anabwera nanjuta kuseri kwa khoma, pansi pa kazenera kotsekedwa ndi chiguduli.

"Inu bambo," anatero Juliana, "mkazi wanu akuvutika muno. Ululani zonse zimene mwamulakwira. Musasiye ndi chimodzi chomwe."

Lorenso anayamba kuulula.

"Mazira atatu aja anasowa mwezi watha," anatero, "sanadye galu. Ndinaphika ine."

"Pitirizani."

"Lamulungu lija ndinati ndikudwala mutu, ndinapita kukawedza ku Shire."

"Pitirizani."

"Tsiku lina ndinaiwala khadi la chipani, ndiye pokalowa mumsika ndinabwereka la a Simoni."

"Tsitsani mawu, inu. Mukufuna atitenge tonse, ndi mwana yemwe asanabadwe?" Juliana anamenya khoma ndi chikhatho. "Sitikufunsa za mazira. Tikufunsa za kwa Magdalena."

Lorenso anayankha m'Chisena cha kwawo, chimene ankalankhula akadzidzimuka.

"Nkhabe. Sizimenezo ayi."

"Nanga ndi ziti?"

Anamva mapazi akuthamanga, kenako tcheni cha njinga chikulira kulowera kumsewu.

"Wathawa," anatero Juliana, mawu atatsika.

Priska anatseka maso, misozi ikutuluka m'mbali. Otilia anafuna kumupukuta koma anaopa kuti akana dzanja lake. Amene anamupukuta anali Dorika, ndi kansalu konyowa, pang'onopang'ono, kumaso ndi kukhosi. Atatero anamudzutsa.

"Tiye, tiyende. Gwira mzatiwu, ugwedeze chiuno ngati ukupera mapira. Za amuna tiziona mawa. Lero tili ndi ntchito."

Kunja ng'ombe za Simoni zinafika, mabelu akulira. Mthunzi wa nyumba unatsala mapazi ochepa kufika pakhola. Otilia ankapemphera chamumtima, koma mawu a pemphero ankasokonekera, chifukwa ankangoona dzanja lija likuchoka m'dzanja lake.

Njinga inamvekanso. Munthu anatsika akupuma mwawefuwefu, ndipo kamtolo kokulungidwa m'pepala la nyuzipepala kanalowa pakazenera n'kugwera pamphasa.

"Ndi zimenezo," anatero Lorenso. "Kwa a Magdalena kuli makina osokera a malemu amuna awo. Ine ndimawakonzera khola, iwo amandilola kuponda makinawo pakhonde. Bambo anga anali telala ku Mutarara. Ndinkaona ngati ndikumbukira."

Juliana anamasula pepalalo, nanyamula chimene chinali m'katimo ndi zala ziwiri. Kanali kadiresi kakang'ono ka buluu, kokwana mwana wa masiku ochepa. Khosi linali lopendekera. Dzanja limodzi linali lalifupi, lina lalitali moti likanakwana mwana woyenda. Kutsogolo kunali batani limodzi loyera, losokedwa ndi ulusi wambiri ngati likufuna kuthawa.

Priska, akugwirabe mzati, anayang'anitsitsa.

"Iyi si shati yanu ya kutchalitchi?"

"Ndi yomweyo."

"Munati inadyedwa ndi mbuzi."

"Ndinatero."

"Mbuzi ija ndinaimenya ndi chikuni, inu."

"Ndinaona," anatero Lorenso. "Ndinakaipepesa ndi madeya."

Dorika ndiye anayamba kuseka, atabisa nkhope m'chigongono kuti asadetse manja. Juliana anayesa kuuma nkhope.

"Kusokera mwana zovala asanabadwe? Kwanu ku Mutarara sanakuuzeni kuti siziloledwa? Mwana sitimuyalira mphasa asanafike."

"Anandiuza, agogo. N'chifukwa chake ndinabisa. Ndinkangoti akadzafika asadzapeze tilibe kanthu."

"Ndiye mwanayu waona dzanja lalitalili n'kuchita mantha. Akuti akatuluka mumuveka." Juliana anakweza kadiresiko m'mwamba, dzanja lalitali likulendewera, ndipo naye kuseka kunamupambana mpaka anakhala pansi.

Priska anaseka, misozi ikadali m'masaya. Kusekako kunaduka pakati, nagwira mzati ndi manja onse awiri.

"Amayi," anaitana. "Amayi, bwerani kumsanaku."

Otilia anakhala pansi, natsegula miyendo, mwana wake natsamira pachifuwa pake. Dzanja la Priska linafufuza lake n'kuligwira mwamphamvu mpaka mikanda ya kolona inalowa m'chikhatho.

"Inu bambo telala, chokani pamenepo," anatero Juliana. "Zotsalazi si zanu."

Zinatenga nthawi yokwana kuphika ndiwo za masamba. Dorika ankalankhula motsitsa, kuuza Priska nthawi yokankha ndi nthawi yopuma. Juliana ankalankhula mokweza, kutchula maina a amayi onse a m'mudzimo amene anadutsa pomwepo n'kuchira. Kenako mwana anagwera m'manja mwa Dorika, woterera, wotuwa, ndipo asanamupukute n'komwe analira mawu aukali ngati wakwiya kuti amuchedwetsa.

Palibe anaimba nthungululu msanga. Anadikira mpaka nsengwa itatuluka yonse, Dorika ataiyang'ana mbali zonse n'kugwedeza mutu. Anamanga mchombo ndi ulusi, napereka lezala latsopano kwa Juliana.

"Dulani ndinu, akulu."

Juliana anadula, napukuta manja, kenako anatsegula chitseko pang'ono n'kuimba nthungululu imene inamveka mpaka kudambo. Amayi amene anakhala pansi pa mitengo kuyambira masana anailandira, ena akuvina ndi ana kumbuyo. Simoni anayamba kumasula ng'ombe.

"Ndi mwana wanji?" anafunsa mayi wina.

"Wamwamuna," anayankha Juliana. "Kawauzeni a telala kuti asokera diresi mnyamata."

Priska anagona chammbali, mwana ali pabere. Anapempha kadiresi kaja, nakapinda bwinobwino, dzanja lalitali mkati, n'kukaika pansi pa mutu wake.

"Adzavala," anatero. "Tsiku lotuluka m'chikuta adzavala, aseke amene akufuna kuseka."

Otilia anathandiza kukolopa ndi kukulunga nsanza. Potuluka ndi beseni, Dorika anamutsatira mpaka kuseri kwa bafa, namuthirira madzi m'manja.

"Mutu wa mwana unali utayamba kale kutembenuka pamene ankayenda paja," anatero Dorika motsitsa. "Mimba yoyamba imatero. Koma a Juliana musawauze, asangalale."

"Ndinalankhula zoipa, a Dorika."

"Munalankhula ndi mantha."

"Mantha anali a lero. Zoipazo ndinazisunga kuyambira Ogasiti."

Dorika sanatsutse. Anamupatsa nsonga ya chitenje chake kuti apukutire manja.

Pabwalo anthu anali atachuluka. Wina anabweretsa nkhuku yomanga miyendo, wina ufa wa mapira m'kambale. Magdalena nayenso anali atafika, ataima kumapeto kwa gulu ndi kabotolo ka mafuta odzola, osadziwa ngati ayandikire. Lorenso anali pansi pa mlambe, anzake akumuseka ndi kumukoka malaya, iye akungothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, takhuta," kwa aliyense, maso ali kukhomo kumene sakanaloledwa kulowa mpaka mchombo utagwa.

Ataona apongozi ake akubwera, anachita monga mwa masiku onse. Anadzuka msanga kuti apatuke, akabisale kuseri kwa mtengo.

"Musachoke," anatero Otilia.

Lorenso anaima, nayang'ana pansi. Anthu anasiya kulankhula, chifukwa mpongozi sayandikira mkamwini wake chotero pagulu. Otilia anaima patali pang'ono, nagwada pa fumbi lotentha. Anakodola Magdalena kuti naye abwere pafupi. Mawu ake, amene masiku onse ankamveka pang'ono, anawakweza kuti amve ndi amene anali kukhola.

"Bambo a mwana, ndinaona njinga yanu ndipo sindinafunse. Ndinakuweruzani mumtima miyezi iwiri, nkhuni zanu ndikusonkha, madzi anu ndikumwa. Lero ndakunenerani zabodza m'makutu mwa mkazi wanu, pa nthawi imene anali pakati pa moyo ndi imfa. Inunso a Magdalena, ndadetsa dzina lanu musanandilakwire kanthu. Ndalakwira Mulungu, ndalakwira inu nonse awiri. Ndikhululukireni."