Chakudya Chosasitsa cha Nkhuku za Mayi Quitéria

Nkhuku za Mayi Quitéria zinkadya ngati zili pa mpikisano, koma thupi osaoneka. Zinali nkhuku zoyera za nyama, zija anthu a ku Chifunde amazitchula kuti frangu. Anazigula zili anapiye kuti zidzakhale ndiwo pa ukwati wa mwana wawo Tânia, umene unali utalengezedwa kale kutchalitchi. Akuchimuna anali kudzachokera ku Mualadzi, ndipo Mayi Quitéria sankafuna kuti alendowo adzabwerere akunena kuti anawalandira ndi mafupa.

M'mawa uliwonse ankathira madeya osakaniza ndi soya wokazinga m'chodyera. Nkhuku zinkakwera momwemo, kupalasa ndi kumwaza, chakudya chambiri n'kuthera m'dothi. Mphepo ikawomba, china chinkauluka ngati fumbi. Thumba linkatsika, tsiku la ukwati likuyandikira.

"Bambo a Tânia, tainyamulani iyi," anatero tsiku lina, akupatsira amuna awo nkhuku imodzi.

A Timóteo anaiyeza m'manja, n'kuigwira pachidali. "Nthenga zokhazokha. Fupa likuchita kubaya. Kodi zikudwala?"

"Sizikudwala, katemera wa chitopa tinazipatsa. Zikudya, koma sindikudziwa kumene chakudyacho chikupita."

Kuseri kwa mpanda waudzu kunkakhala Dona Francisca, namwino wa pachipatala, amene anachita kutumizidwa kuchokera ku Angónia. Naye anali ndi frangu, ndipo anapiye ake anagulidwa tsiku limodzi ndi a Mayi Quitéria. Koma zake zinali zonenepa, zoyenda mopendama ngati abakha. Mayi Quitéria akamasesa pabwalo ankasuzumira pa kampata ka mpandawo. Ankaona zidebe zapulasitiki zitandandalika pamthunzi, zophimbidwa ndi nsalu. Ankaona Dona Francisca akuvundula ndi mthiko, kenako n'kutunga phala lolimba n'kupatsa nkhuku. Mphepo inkabweretsa kafungo kowawasa.

"Anesi aja akufulula mowa," anatero a Timóteo akuseka. "Nkhuku zawo n'zoledzera, n'chifukwa chake zikuyenda choncho."

Mayi Quitéria sanaseke. Funso linali litawakhala pamtima: m'zidebemo muli chiyani? Kufunsa ankachita manyazi, poopa kuoneka ngati munthu wosuzumira za eni. Ndiye anaganiza zongoyesa okha. Anatenga chidebe, n'kuthiramo madeya ndi soya, n'kuwaza madzi pang'ono kuti zinyowe. Anatseka ndi chivindikiro, n'kuchiika kuseri kwa nkhokwe.

Anachisiya osachigwira mpaka sabata inatha. Atatsegula, fungo linawabweza m'mbuyo. Pamwamba panali patamera ubweya wobiriwira, pena wakuda.

"Mwina ndi mmene zimakhalira," anatero a Timóteo atagwira mphuno. "Soya wambiri chonchi sitingataye. Nkhuku zimadya zoipa kuposa izi." Ananyamula chidebe kulunjika kukhola.

"Vizinya! Aneba, imani kaye!"

Anali Dona Francisca, akubwera kuchokera kuntchito masana amenewo, yunifolomu ikadali m'thupi. Fungo ndi limene linawakhotetsa. Analowa pabwalo, n'kuyang'ana m'chidebemo.

"Bambo, ichi musapatse nkhuku. Ichi ndi chuku, ndi poizoni. Zina zingafe, zina zingapinimbire. Musapatse ngakhale nkhumba kapena galu. Kumbani dzenje mukwirire."

Mayi Quitéria anayang'ana pansi. "Ndimafuna kuchita zimene mumachita inuyo. Ndinaonera pampanda."

Dona Francisca anaseka, n'kuwagwira dzanja. "Mana Quitéria, bwenzi mutangondiitana! Inenso sindinabadwe nazo. Anandiphunzitsa ndi mlangizi wa ziweto kwathu ku Angónia. Tiyeni mukaone bwino, osati za pakampata."

Anapita onse atatu. Dona Francisca anavundukula nsalu pa chidebe chimodzi. Pamwamba panali madzi, chakudya chili pansi. Atavundula ndi mthiko, timathovu tinayamba kutumphuka.

"Chikuwira chopanda moto!" anadabwa Mayi Quitéria. "Mwathiramo chiyani?"

"Madzi oyera basi. Tanunkhizani."

Ananunkhiza. "Ngati thobwa logona. Kapena mphale yoviika."

"Mwalasa. Mukamaviika mphale, mumaisiya pamtunda kapena mumaimiza?"

"Timaimiza. Ikatulukira pamwamba imaonongeka."

"N'chimodzimodzi apa. Inu munangonyowetsa, ndiye chuku chinapeza pomera. Madzi ayenera kupitirira chakudya ndi zala zingapo. Chakudya chimamwa madzi n'kufufuma, choncho mukaona chatulukira, onjezerani ena."

A Timóteo anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Nanga thovuli likuchokera kuti? Si mowa umenewu?"

"Si mowa, bambo. Muli tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, tabwino, tofanana ndi timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko. Timafewetsa chakudya n'kuchisasitsa. Nkhuku ikadya, m'mimba simuvutika kugaya, ndipo thupi limatengamo zambiri. Kuwawasako kumalepheretsanso tizilombo tina toipa kuswana."

"Tizilombo tabwino?" anatero a Timóteo akupukusa mutu. "Anesi, si inu nomwe mumatiuza kuchipatala kuti tizisamba m'manja chifukwa cha tizilombo?"

"Ndipo musasiye kusamba! Tilipo todwalitsa, tilipo tothandiza. Ntchito yathu ndi kupatsa malo tothandizato. N'chifukwa chake chidebe chiyenera kukhala chotsuka bwino, chapulasitiki, chosakhalamo mankhwala a m'munda. Chachitsulo chimachita dzimbiri."

Mafunso a Mayi Quitéria anayamba kutuluka motsatizana. Chifukwa chiyani nsalu, osati chivindikiro? Dona Francisca anati mpweya wa thovulo umafunika potulukira, koma ntchentche zisalowe. Nanga kuvundula? Anati tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chafika?

"Mphuno ndi maso zikuuzani. Kunja kukatentha, masiku awiri kapena atatu akwana. Nthawi yozizira chimachedwerako. Chikamachita thovu n'kumanunkhira mowawasa, chafika. Chikanunkha chivundi, kapena mukaona ubweya wa mtundu uliwonse, tayani osamva chisoni."

"Nanga zidebe zambirizi n'zachiyani?"

"Kuti nkhuku zisagone ndi njala podikira. China ndaviika lero, china dzulo, china ndi chimene zikudya. Chikatha ndimatsuka, n'kuviikamo chatsopano."

Anawaonetsanso kutsanula madzi kuti phala likhale lolimba, lakuti nkhuku zisanyowe nthenga. "Muzipatsa chimene zingamalize pa nthawi imodzi. Chotsala chotsani, chodyera mutsuke. Chikakhalitsa padzuwa chimaola."

Mayi Quitéria anaganiza pang'ono, maso akuwala. "Ndiye kuti soya ndingathe kusiya? Ndizingoviika madeya okha?"

"Ayi, Mana. Madzi sabereka chimene mulibe. Madeya okha, ngakhale muwasasitse bwanji, sangamange mnofu. Soya wokazingayo apitirire, ndipo mukapeza chakudya cha nkhuku chogula kuloja muzisakanizako. Komanso musaviike madeya amene ali kale ndi chuku, madzi sachotsa poizoni wake. Ndipo ichi si mankhwala. Katemera, madzi akumwa oyera ndi khola louma zikhalebe."

Atabwerera kwawo, a Timóteo anakumba dzenje n'kukwirira chakudya choola chija. Mayi Quitéria anatsuka chidebe ndi sopo, n'kuchiyanika padzuwa. Anatunga madzi kumjigo, n'kuyambanso. Anamiza chakudya chonse, anaphimba ndi chitenje chakale choyera, n'kumanga ndi mphira.

Tsiku lotsatira m'mawa, asanasese n'komwe, anathamangira kukaona. Chakudya chinali chitafufuma mpaka kutsala pang'ono kutulukira, ndipo anaonjezera madzi. Thovu panalibe. Anada nkhawa, koma anavundula n'kuphimbanso. Mawa lake atangolowetsa mthiko, anamva kaphokoso ka timathovu.

"Bambo a Tânia! Bwerani mudzamve, chayamba kulankhula!"

A Timóteo anafika, n'kutchera khutu pachidebe ngati akumvetsera wailesi.

Tsiku loyamba kuzipatsa, nkhuku zinaima patali, zikupendeka mitu. Mayi Quitéria sanachedwe. Anaitana pampanda, nthawi ino mokweza, opanda manyazi.

"Vizinya! Zikukana!"

"Wazani chouma pang'ono pamwamba, zizindikire kuti n'chakudya," anayankha Dona Francisca ali tsidya linalo.

Anawaza. Imodzi inajompha, ina n'kutsatira, kenako zonse zinaunjikana. Phala lonyowa silinkapalasika ngati madeya ouma, ndipo mphepo sinkalitenga. Pansi panalibe chotayika.

Masabata otsatira, thumba linayamba kutsika pang'onopang'ono. Zitosi zinalimba, fungo la m'khola linachepa. Tsiku lina chidebe chimodzi chinaiwalika osaonjezeredwa madzi, m'mbali mwake n'kuoneka timadontho tobiriwira. A Timóteo okha ndi amene anachinyamula kukakwirira, osadikira kuuzidwa.

Pofika sabata ya ukwati, nkhuku zinali zitadzaza m'manja. Sizinafike pa za Dona Francisca, poti zinayamba mochedwa kudya chosasitsa, koma mnofu unalipo wokwanira. Akuchimuna anafika pa njinga zakapalasa ndi pa mota, anadya, anakhuta, ndipo Tânia anaperekezedwa ndi nthungululu.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, amayi a m'gulu la kwaya anazungulira Mayi Quitéria pansi pa mtengo wa mango. Amene anayamba kufunsa anali Mayi Florência, amenenso amaweta nkhuku.

"Tiuzeni chinsinsi, Mana. Munazipatsa mankhwala anji?"

"Palibe mankhwala," anayankha Mayi Quitéria. "Ndi chakudya chomwechi, chosasitsa. Tengani chakudya chabwino chopanda chuku, muchimize chonse m'madzi oyera, muphimbe ndi nsalu, muzivundula tsiku lililonse. Chikanunkhira mowawasa, patsani nkhuku chimene zingamalize. Chikachita chuku, kwirirani. Ndipo chinthu chimene simukuchidziwa, funsani kwa mlangizi wa ziweto kapena kwa mnzanu amene akuchichita. Bwerani mawa kwathu, aliyense ndi chidebe chake chotsuka, tidzaviike limodzi."