Nambala ya Mayi Mafiriji

Mayi Mafiriji anawerenga fomuyo kawiri, cholembera chili kukhutu. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa kwa zaka khumi ndi ziwiri aliyense amene firiji yamufera ankaimbira iwo, iwo n'kutumiza amisiri a kampani. Zaka zonsezo mayunitsi ankagula okha, kampani ili phee ngati sidziwa kuti foni imadya.

Tsopano bwana watsopano, bambo wa tayi yothina, anabwera ndi chifundo chake. Kampani izilipira mayunitsi onse, koma nambala ya wantchito aliyense ilembedwe m'dzina la kampani. Wochoka ntchito aziisiya.

"Anzanu onse asayina, mayi. Mwatsala inu nokha."

"Ndaona, bwana. Nanga ndikadzapuma ntchito, nambalayi mudzapatsa ndani?"

"Amene adzakhale pampando wanuwo."

Mayiwo anayang'ananso fomuyo. Mayunitsi aulere ankawafuna, asaname, poti foniyo inkawadyera ndalama ya sopo mwezi ndi mwezi. Koma bambo awo okalamba, amene maso anasiya kuona, nambala yokhayo yomwe anailoweza pamtima inali yomweyi, ndipo ina sakanaigwiranso. Tsiku lina mkuluyo adzaimbe akudwala, mlendo n'kumufunsa kuti firiji yatani?

Anakankhira fomuyo kwa mwini wake.

"Sindisayina."

"Mukudziwa kuti wokana tikumuchotsa pa foni, azikagwira kosungira katundu?"

"Ndichotseni. Koma makasitomala anu onsewa sadziwa nambala ya kampani, amadziwa yanga. Ndizikawayankha ndili pakati pa makatoni?"

Bwana anamasula tayi pang'ono. Zimenezi pa fomu panalibe.

"Gulani foni ya kampani ndi nambala yakeyake," anatero mayiwo. "Makasitomala ndiwaimbira ndekha mmodzimmodzi, ndiwapatse yatsopanoyo. Ndikadzachoka ndidzakusiyirani patebulo, ndi tchaja yomwe. Iyi ndidzapita nayo kwathu."

"Asinthadi anthuwo?"

"Ndikawauza ine, asintha."

Mawa lake foni inafika ili m'katoni. Anayamba ndi mwini butchala, munthu woiwala ngakhale chipewa chili kumutu.

"Lembani, bambo. Ayi, osati padzanja, musamba nayo. Tengani pepala."

Anaimba milungu itatu mpaka khutu linatentha. Kenako foni yakale ija inasiya kulira za mafiriji. Masiku ano ikalira m'chikwama, Mayi Mafiriji sayang'ananso kuti ndani.

"Ndine, ababa. Mwadzuka bwanji?"