Lumbiro la a Pedaya ndi Madzi a Gihoni

Amuna anga a Pedaya ndi munthu wabwino, ndipo mu Yerusalemu monse palibe woumba mitsuko ngati iwo. Vuto lawo ndi pakamwa. Akapsa mtima amayamba ayankhula, nzeru n'kumabwera pambuyo zili wefuwefu.

Tsiku limene Gemariya anabwera kudzafunsira mwana wathu Tiriza, mbiya zawo zinali zitangosweka m'ng'anjo. Gemariyayo anali mmodzi mwa anthu a ku Manase amene anathawira kuno Asuri atawononga Samariya. Munda analibe, mbale woti n'kumuyankhulira analibenso, anangobwera yekha ndi manja ake akuluakulu aja. A Pedaya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka anakweza dzanja, anansi onse akuona.

"Pali Yehova wamoyo, Tiriza udzamukwatira tsiku limene madzi a Gihoni adzayende okha n'kulowa m'linga muno!"

Kasupe wa Gihoni ali kunja kwa linga, kuchigwa, ndipo pakati pa iye ndi nyumba zathu pali phiri la thanthwe lokhalokha. Akanangoti toto, bwenzi nditawaphikira mphodza zawo za anyezi zija, mawa lake n'kuvomera. Koma iwo anatchula dzina la Yehova, ndipo madzi akatayika saoleka.

Gemariya sanapse mtima, komanso sanafooke. M'mawa mwake anabwera kudzathandiza kumanga ng'anjo ina. Mwezi wotsatira anali akusenza dongo, kenaka anali akudya nafe mkate wa balere pabwalo. Chaka chisanathe a Pedaya anali atamukonda moti akachedwa kufika ankasuzumira kumsewu ngati akudikira mwana wobereka okha. Anapita kwa wansembe mozemba kukafunsa ngati nsembe ya nkhosa ingafafanize mawu aja. Wansembe anawauza kuti cholumbira n'cholumbira, ndipo a Pedaya anabwerako khosi lili zyoli.

Tiriza anakana amuna ena onse. Anzake anakwatiwa n'kubereka, iye akungotsika kukasupe ndi mtsuko pamutu. Sanadandaule, koma anasiya kuimba popera ufa, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kulira. Ine ndiye sindinawasiye bambo akewo. Akapempha madzi akumwa ndinkawauza kuti adikire, mwina abwera okha.

Kenaka kunamveka kuti Asuri akunola mikondo kuti abwere kuno. Mfumu Hezekiya sinafune kuti adani adzapeze madzi kunja ife tikufa ndi ludzu m'kati. Wolengeza anaima pachipata n'kunena kuti mfumu yalamula kuti thanthwe libooledwe, pakhale ngalande yapansi yochokera ku Gihoni kukafika kudziwe latsopano la m'kati mwa linga. Abale inu, anthu anagwira pakamwa ndi mantha, ine ndinaseka mpaka kukhala pansi pakati pa ogulitsa nkhuyu. Ndinathamangira kunyumba n'kuuza a Pedaya kuti mfumu yathunthu yadzuka pampando kudzakonza zimene iwo anawononga ndi lilime.

Iwo anangoti zimenezo n'zosatheka, ndipo sanakweze maso kuchoka pa dongo.

Okumba anagawidwa pawiri, ena kuyambira kukasupe, ena kudziwe, kuti akakumane pakati pa phiri. Gemariya anali woyamba kutenga nyundo mbali ya kukasupe. Ngalandeyo inali yopapatiza moti kutsogolo kunkakumba munthu mmodzi, anzake ali pamzere kumbuyo kupatsirana madengu a miyala. Pamwamba pa phiri ena ankamenya thanthwe, gu gu gu, kuti apansi amve kolowera. Miyezi inapita. Pamsika anthu anayamba kunena kuti ngalande yakhota ngati njoka, magulu awiriwo aphonyana, adzatulukira wina ku Yeriko wina ku Hebroni. Tiriza akamva zimenezo ankabwerako osagula kanthu.

A Pedaya nawonso anayamba kulawirira m'mamawa, amvekere akukakumba dongo kuchigwa. Asa! Dongo lathu ndi lofiira, koma iwo ankabwerako ali mbee kuyambira ndevu mpaka zala, msana utapindika, dengu lopanda dongo. Ine ndine wapakamwa, koma chinsinsi chawo cha kungalande ndinachisunga. Ndinangoyamba kuwaikira mikate iwiri m'malo mwa umodzi.

Zimene zinachitika pansipo anatiuza ndi Gemariya. Akuti tsiku lina akukumba anamva mawu a munthu akudutsa mumng'alu kudzanja lamanja. Anauza anzake kuti akhale chete. Mawuwo anali a mkulu wina amene ankakalipira anyamata kuti akugwira nyundo ngati akupha nsabwe. Gemariya anaseka yekha mumdimamo, chifukwa kukalipa kumeneko anali atakumva tsiku ndi tsiku pang'anjo. Anakhotera kumanja n'kumenya ndi mphamvu zake zonse, a mbali inayo nawonso akumenya, mpaka mwala unati gumu. Atakweza nyale, pabowopo panali nkhope ya a Pedaya. Ntchito yawo inali yosenza madengu basi, koma anali atakankha anyamata onse mpaka kufika kutsogolo.

"Iwe, ukundiyang'ana chiyani? Kumba, madzi sanayende."

Ndipo a Pedaya sananame. Anthu anavina, malipenga analira, koma madzi anangofika pakati n'kuima, chifukwa mbali ya kudziwe inali yokwera. Okumba anayambanso kusema pansi. A Pedaya anasiya zobisa, ankapita masana dzuwa likuswa mtengo, dengu lili pamutu.

Tsiku lotsegula, mzinda wonse unadzaza padziwe. Akuluakulu a kunyumba ya mfumu anaima poyera ndi mikanjo yawo, ife tinapanikizana pamakwerero. Poyamba panatuluka kamphepo kozizira. Kenaka kamadzi kamatope kanasuzumira pakhomo la ngalande, n'kukwawa pang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake madzi enieni anakhuthuka kuti khuu. Nthungululu zake! Anthu ankafuula dzina la mfumu, amayi akutunga ndi manja, ana akudumphira momo.

A Pedaya anatsika okha n'kuima pakati pa dziwe, madzi ali m'mawondo. Anaitana anansi athu aja mmodzimmodzi ndi mayina awo, onse amene anamva lumbiro lija, n'kuwafunsa ngati madziwo awasenza munthu kapena alowa okha. Onse anayankha kuti alowa okha. Pamenepo anatembenukira kwa Tiriza, amene anali atandigwira mkono mpaka kundipweteka.

"Mayi, ndakuchedwetsani. Amuna anu ndi awo ali tsidyawo, pitani."

Tiriza sanazungulire pamakwerero. Anadutsa m'madzi momo ndi zovala zomwe, mpango ukuyandama kumbuyo, mpaka kwa Gemariya amene anali atangoima nyundo ili m'manja.

Ine ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzawalase nawo amuna anga pa tsiku limeneli, ena ndinkachita kuwayeserera popera ufa. Ndinatsikira m'dziwemo kuti ndiwauze. Nditafika ndinapeza nkhalamba yanga ikulira ngati mwana, misozi ikutsetsereka m'fumbi loyera lija. Ndinangotunga madzi ndi manja n'kuyamba kuwasambitsa kumaso.