Dzina Limene Mdala Sankayankha

Eveline Yafeti ankalemba timasewero tanthabwala ta mphindi ziwiri, n'kumatijambula pa foni kuseri kwa nyumba yawo ku Amaveni, m'tauni ya Kwekwe. Wosewera wake wamkulu anali bambo ake, a Yafeti, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi atatu asanapume. Kasewero kamene kanatchuka kanali ka mdala wina pa mzere wa kuchipatala. Nesi amaitana dzina lake kasanu konse, iye n'kumangocheuka kuyang'ana anzake ngati akuitana wina. Anthu onse amatha, iye n'kutsala yekha akudandaula kuti manesi amakono ndi aulesi. Kwekwe yense anaseka.

Munashe, mkulu wina wotulutsa masewero pa intaneti, anaitanira Eveline kwawo ku Mambo, m'tauni ya Gweru. Ankafuna sewero lopitirira, zigawo khumi ndi ziwiri. Eveline analemba mdala uja ali kubanki, kutchalitchi, pamaliro, paliponse osayankha dzina lake. Munashe atawerenga anapukusa mutu.

"Sisi, iyi ndi nthabwala imodzi yomweyo, mwangoisinthira malo. Pa kasewero kafupi munthu amaseka n'kumapita. Koma mdalayu akamalowa m'nyumba za anthu Lachisanu lililonse, adzafuna kumudziwa: kwawo, mkazi wake, chimene amaopa. Pofika gawo lachitatu adzafunsa kuti sei asingadaviri? Sayankha chifukwa chiyani?"

Eveline anakwera kombi kubwerera ku Kwekwe. Anapeza bambo ake pakhonde akukonza tayala la wilibala, ndipo anakhala pansi ndi kope lake.

"Ababa, tandithandizeni. Mdala wathu uja ndi wogontha kapena ndi matama chabe?"

"Si wogontha," anatero a Yafeti osadzutsa mutu. "Dzinalo si lake."

Eveline anaseka n'kulemba msanga. "Eya, imeneyo ndi yabwino! Ndiye ndi la ndani?"

"La mkulu wake. Ankakhala pa famu ku Lower Gweru. Mkuluyo analembedwa ntchito kumgodi, chitupa ndi nambala atalandira kale. Kutatsala masiku anayi kuti ayambe, malungo anamutenga. Mayi awo anatenga chitupa chija n'kupatsa wamng'ono, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, akuti pakhomo pano tisafe ndi njala. Chaka chathunthu kapitawo ankaitana dzinalo, mwanayo osacheuka, mpaka kumuwomba mbama."

Cholembera chinaima. Bambo ake sankapeka nkhani chonchi. Pojambula ankaiwala ngakhale mawu atatu okha.

"Ababa, mukunena za ndani?"

Anaika sipanala pansi. "Ine ndine Matiyasi."

Eveline anayang'ana nkhope imene ankaidziwa chibadwire, zipsera za miyala pamanja, ndevu zaimvi. Pachikuto cha kope lake panali dzina limene analemba yekha, Eveline Yafeti, lomwenso linali pa satifiketi zake zonse ndi za mchimwene wake wa ku Joni.

"Nanga amayi ankadziwa?"

"Ndinafuna kuwauza ali gone kuchipatala. Mawu anakana kutuluka."

"Ndiye anthu onse aja akuseka, inu…"

"Ndinkasekanso, mwanangu. Unalemba wekha, sindinakuuze ine. Ndinangoona kuti mbaliyo ndikuitha."

Eveline analowa m'nyumba n'kukhala pabedi nthawi yaitali, kope lili pamiyendo. Foni inalira kawiri, Munashe, koma sanayankhe.

Lolemba anapita awiriwo ku Lower Gweru. Famu ija inagawidwa kale, ndipo manda a antchito anali m'tchire kuseri kwa munda wa chimanga. Bambo ake anazungulira pafupifupi ola asanaime pa mulu wa miyala wopanda chikwangwani. Anavula chipewa n'kuyankhula motsitsa mawu. Eveline anaima patali osamva zimene ankanena.

Ali m'basi pobwerera, analembera Munashe kuti amupatse mwezi umodzi woti alembenso sewero lija.