Mapiritsi a m'Jombo

Lumo linayenda pamitu isanu ndi umodzi, kenako linamulumpha Primrose.

Linali tsiku lachitatu chiikire m'manda bambo ake, a Laxon, amene anatha zaka makumi anayi akusankha fodya papurazi, famu ina kufupi ndi Banket. Abale anali pamphasa kuseri kwa nyumba ya pakomboni, ndipo wometa anali a Jesinta, mlongo wa malemu. Aliyense ankadziwa kuti wosametedwa pamaliro sawerengedwanso ngati mwana wa pakhomopo.

"Tete, mwandiiwala," anatero Primrose kwa azakhali akewo.

"Sindinakuiwale. Ine sindimeta wopha mlongo wanga."

Mlandu wake unali uwu. Primrose ankatsuka mabotolo mulabotale ina ku Harare, kumene akatswiri ankayesa mankhwala a malungo pa maselo a khansa. Mmodzi wa iwo anamufotokozera kuti maselo a khansa ndi adyera pa ayironi. Mankhwalawo akakumana ndi ayironiyo amatulutsa ululu umene umadula DNA, ulusi wosunga malangizo a selo, ndipo selolo limafa. Anamuchenjezanso kuti zimenezi anaziona m'timbale, pa munthu sizinatsimikizike. Koma mwana amene bambo ake akutha ngati sopo amamva zokhazo zimene akufuna. Achipatala atawabweza a Laxon kuti khansa ya m'chiwindi yafalikira, Primrose anagula mapiritsiwo, napempha tchuthi, nakwera kombi.

Masabata asanu ankawapatsa awiri m'mawa uliwonse. Nkhalambayo inkagugudiza madzi n'kutulutsa lilime. "Zapita, mwanangu. Ndikumva zikudula ulusi uja."

"Munthu alibe malungo, iwe n'kumamupakira za malungo!" a Jesinta anakuwa akupukuta lumo. "Unamuyesa khoswe woyeserapo mankhwala wa ku Harare? Wotsuka mabotolo kudzitcha dokotala!"

Primrose anayang'ana mayi ake, a Filesi. Iwo anangozyolika, ndipo chimenecho chinamupweteka kuposa chipongwe cha tete.

Abale anatulutsa zovala za malemu kuti azigawe. Jekete linapita kwa amalume, jombo zinapita kwa Reason, mchimwene wake wa Primrose. Reason anaponda jombo ya kumanzere, phazi linakana kulowa. Ataigwedeza, munagwa timitolo ta masamba a fodya, tomangidwa bwinobwino monga a Laxon ankamangira fodya wa giredi yoyamba. Anamasula kamodzi: mapiritsi awiri, oyera, osanyowa n'komwe. Timitoloto tinalipo makumi atatu ndi tisanu.

Primrose anaganiza kuti basi, mlandu watha. Sankawadziwa azakhali ake.

"Mwaona?" a Jesinta anaomba m'manja. "Ngakhale mwini wake anakuopa. Anafa akubisala kwa mwana wake yemwe!"

Ena anaseka, poti seko la pamaliro siligulidwa. Apo m'pamene a Filesi anatsegula pakamwa, mawu ali pansipansi.

"Ankamwa madzi okha, mapiritsi ankatsala m'chikhatho. Ankati, 'Ine ndapita kale. Dzinja likubwera, ana a Reason adzagwidwa malungo, kiliniki ili kutali. Koma Primrose usamuuze, musiye aziona ngati akundichiza.'"

"Ndiye munkadziwa, amayi? Lumo likundilumpha muja, munkadziwa?"

"Ndinalumbira kwa bambo ako."

A Jesinta anakulunga lumo m'kansalu osamuyang'ana mtsikanayo. Kenako anawerama, natola timitolo titatu ta poizoni uja, namanga pangodya ya chitenje chawo. Nawonso anali ndi zidzukulu.

Anthu anabalalika mitu ili mbee, wa tsitsi anatsala yekha pamphasa. Primrose anatola kamtolo kamene Reason anamasula kaja, nabwezeramo mapiritsi. Anayesa kukamanga monga kanaliri, koma tsamba linkangophwanyika m'zala zake. Anatenga kena kosamasula, nakayang'anitsitsa. Mfundo yake inali yolimba, yosapotoka, ngakhale anaimanga ndi manja amene sankathanso kunyamula kapu.